Disiki ya ku Makhanga

Inafika Lachiwiri, dzuwa likuwamba malata,
itakulungidwa m'majumbo awiri ndi chitenje,
pachifuwa cha Felesta Alufandika
amene anaoloka nayo Shire pabwato
madzi atameza ofesi ya alimi a thonje.
Kompyuta anaisiya m'matope.
Anangozula mtima wake.

Kuno ku Bangula kachipinda kanga
n'kotentha ngati uvuni wa njerwa,
fani ikungotakasa mpweya womwewo.
Ndinalumikiza chingwe, disiki n'kung'ung'udza.
Makina anaiona, naipatsa dzina la zilembo zitatu,
koma kuona mlendo si kumulandira.
Bwato likadali pakati pa mtsinje
ungathe kuwerenga mitu ya okwera,
koma sungatsitse ngakhale thumba limodzi.
Pafunika dooko.

Ndiye ndinalambula dooko:
foda yopanda kanthu, pafupi ndi muzu
pomwe nthambi zonse za makina zimaphukira.
Ndinalemba lamulo loti imangiriridwe pamenepo.
Inakana.
Akuti magetsi anaithimira mawu ali m'kamwa,
kaundula wake sakugwirizana ndi katundu.

Felesta anati, yafa kodi?
Ndinati ayi, yangodzidzimuka.

Chinthu chodzidzimuka sachigwira msanga.
Ndinayamba ndaikopera yonse kwina,
kenako n'kuimangirira mongowerenga basi,
maso patsogolo, manja kumbuyo.
Pulogalamu yofufuza inayenda khomo ndi khomo
monga aja olemba mayina kumsasa madzi akaphwa:
uyu alipo, uyu malo ake atengedwa ndi wina,
uyu sakudziwa kuti kwawo n'kuti.
Amasiye onse inawakusira m'foda imodzi,
opanda mayina, manambala okhaokha.

Pakhomo panali a Zuze Kampira,
chipewa m'manja, milomo ikugwedera.
Ndinkayesa akupempherera disiki kuti ichire.
Ayi ndithu.
Ali ndi ngongole ya mbewu ndi mankhwala opopera,
ndipo ankati mwina Shire wawakhululukira.

Fayilo ya namba 4417 inatseguka mwaulesi.
Dzina lawo linalimo, ngongole inalimo
mpaka tambala yomaliza.
A Zuze anavala chipewa kuti azipita.
Felesta anati taimani, pali mzere wina pansipa:
mabelo asanu ndi limodzi anaperekedwa mu Julayi,
ndalama yake sanalandire.
Anavulanso chipewa chija,
nandifunsa ngati makinawa amamwa zoziziritsa kukhosi.

Madzulo ndinailemba m'kabuku kaja
kamene makina amawerenga nthawi zonse akamadzuka,
kuti adziwe bwato liti likocheza pati.
Sindinalembe dzina la zilembo zitatu lija,
limasintha malingana ndi amene wafika msanga.
Ndinalemba namba yake yaitali, yobadwa nayo.
Ndinaonjezanso kamawu kumapeto:
ikapanda kufika, musaime, tsegulani ntchito.
Ife a kuchigwa tinaphunzira kalekale
kuti si onse ooloka amafika tsiku lomwe ananena.

Itakwana nthawi yoimasula, makina anakananso.
Akuti muli munthu m'katimo.
Ndinasuzumira: anali Felesta,
sanatseke windo lake pasikirini,
chala chikutsika pang'onopang'ono pa mayina.
Ena ali kumsasa wa kusukulu, ena kwa abale ku Ngabu,
awiri palibe wawaonapo chigwere mvula ija.
Lamulo lokakamiza ndimalidziwa,
ndi chilembo chimodzi chokha,
koma bwato salikankha phazi la munthu lili pamtunda.

Ndinakhala pansi. Udzudzu unayamba ntchito yake.
Batire ya sola inali itatsala mizere iwiri.

Atafika pa dzina lomaliza anatseka yekha.
Ndinadikira kuti zonse zinali m'malere
zikhazikike m'malo mwake,
kanyali kobiriwira kasiye kuphethira.
Ndipo ndinamasula.
Dooko linakhalanso foda yopanda kanthu,
Felesta akupinda chitenje chake kachiwiri.